Makina Akadya, Inunso Mudye

Tchesi sindiidziwa, ndipo sindikufuna kuidziwa. Ndakhala kutsogolo kwa bolodi ya masewerawa masana ambiri kuposa anthu amene amapita ku mipikisano atavala jekete, koma mukandifunsa chifukwa chimene hatchi imayendera ngati munthu woledzera amene wakumbukira kuti kwawo ndi kumanzere, ndikuuzani kuti mukafunse hatchiyo. Ntchito yanga pa tchesi inali imodzi yokha. Ndinali manja a makina.

Nthawi ya korona inandipeza ndikugwira ntchito ya m'nyumba kuno ku dziko la Chiarabu, m'dera la Al Qusais, pa fulati ina yoyandikana ndi bwalo la ndege. Ndinkagona momwemo, m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini. M'nyumbamo tinalimo atatu: ine, madamu amene anandilemba ntchito, ndi bambo awo okalamba. Kuno wantchito amaitana mwamuna wamkulu wa pakhomo kuti Baba, ndiye inenso ndinkati a Baba, iwo n'kumandiitana kuti binti, kutanthauza mwana wanga wamkazi. Anachokera ku dziko lina la Chiarabu ali mnyamata, n'kugwira ntchito ya zamagetsi kuno mpaka tsitsi lonse linathawa.

Pabalaza panali kabati ya magalasi. Kwathu kabati yotere mumakhala mbale za alendo. Ya a Baba munali makina osewera tchesi, akale okhaokha, aliwonse ndi nthambo yake yamagetsi. Makinawa sadziwa china chilichonse. Sangakuuzeni nthawi, sangakuimbireni nyimbo, sangawerengere ngakhale mtengo wa tomato. Kwawo ndi tchesi basi.

Mbiri yawo ndinaimva popanda kuipempha, chifukwa ndikayamba kupukuta fumbi a Baba ankaima kumbuyo kwanga ngati wapolisi. Oyamba, ankatero, anatuluka kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Anali ndi mabatani ngati a kalikuleta: umalemba kumene wasuntha, iwo n'kuonetsa yankho lawo pa kagalasi kofiira. Ku fakitale analakwitsa, n'kulemba manambala pamene pamayenera kukhala zilembo, zilembo pamene pamayenera kukhala manambala, ndipo a Baba ankanyadira cholakwikacho ngati analakwitsa ndi iwo. Kenako kunabwera olankhula, a mawu ngati a munthu wotsekeredwa m'mgolo. Kenako a bolodi yomva ukaidina, yokhala ndi timagetsi m'mbali. Analiponso ena a dzanja lachitsulo losuntha lokha tizidole, koma dzanjalo linauma lili m'mwamba zaka zambiri ine ndisanabwere, ndipo ndinkayanikapo kansalu kopukutira a Baba akapita kosamba.

"Nanga masiku ano sapanganso?" ndinafunsa tsiku lina.

"Amapanga pang'ono, a anthu amisala ngati ine," anatero. "Anawapha ndi makompyuta a pa tebulo, mafoni n'kudzawakwirira. Foni yakoyo, binti, ikhoza kugonjetsa katswiri wa dziko lonse uku ikulandira mauthenga a kutchalitchi kwanu."

"Ndiye bwanji osasewera ndi foni?"

"Foni siluza. Ndisewere bwanji ndi chinthu chosaluza?"

Komabe makinawo ankangokhala m'kabati, chifukwa a Baba anali ndi mnzawo wa tchesi, mkulu wina wa ku India amene ankabwera pa sitima ya Metro Lachinayi lililonse atanyamula maswiti a mkaka. Ankakhala moyang'anizana masana onse osalankhulana, n'kutsanzikana mokhutira ngati akambirana zambiri.

Mliri utafika, zonse zinaima. Ndege zimene zinkagwedeza mawindo athu zinati zii. Kupita kusitolo kunkafuna chilolezo cha pa foni. Madamu anasamutsira ofesi yawo pa tebulo lodyera, n'kumachita misonkhano pa laputopu atavala bulauzi yabwino kumtunda, kumunsi thalauzi yogonera. Mkulu wa ku India uja anadwala, anamutengera kuchipatala, ndipo sanatulukemo. Patapita nthawi a Baba nawonso anadwala. Iwo anachira kunyumba komweko, koma matendawa pochoka anatenga mphuno ndi lilime lawo. Sankamvanso fungo kapena kukoma kwa chilichonse.

Apa ndi pamene ine ndi a Baba tinayambana. Ndimaphika bwino, ndipo sindinena izi mwamanyazi. Ndiye kuona mbale ikubwerera kukhitchini mmene inapitira kunkandiwawa mpaka m'mafupa. Supu wa mphodza ankati ndi madzi otsukira mbale. Mpunga ankati ndi katoni. Nkhuku ankati ndi katoni yonyowa. Munthu anayamba kutha tikuona, lamba n'kumasowa bowo.

Dokotala wawo ankawaona pa foni, ndipo tsiku lina ananena mosabisa kuti akapitiriza kuonda awagoneka m'chipatala kuti azidyera m'chubu. Masiku amenewo kuchipatala kunalibe kuzonda odwala. A Baba anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena mawu ochepa.

"Mnzanga analowa khomo lomwelo. Ndikalowa ine, khalas."

Khalas ndi mawu amene kuno timatsekera nawo chilichonse, kaya ndi mkangano kaya ndi botolo la mafuta lotha. Tsiku limenelo sanandikomere. Madamu anabwera kukhitchini, anatsegula madzi a pa sinki kuti bambo awo asamve, n'kulira.

Ndinadandaulira mnzanga wina wa ku Chipata amene amakhala mumzinda mommuno, ku International City. Iyeyo ali ndi yankho la vuto lililonse, ndipo mayankho ake ambiri amapsereza.

"Iwe, ba mudala sibangakane vakudya so chabe," anatero pa uthenga wa mawu. "Faka mpilipili maningi. Lilime izauka yeka, uzaona."

Ndinathira tsabola wokwanira kuthamangitsa mbuzi m'munda. A Baba anameza supuni imodzi, misozi n'kutsika, thukuta n'kutuluka pa dazi. Anapukuta nkhope n'kunena kuti katoni ya lero ndi yotentha.

Masana ena anandiitana kuti nditsitse makina amodzi m'kabati, a timagetsi aja. Makinawa amaganiza okha koma alibe manja, ndiye munthu amayenera kuwasunthira tizidole tawo. Manja a a Baba ankanjenjemera chichokereni matenda, komanso ankati kusunthira mdani wako kuli ngati kudzimenya wekha mbama. Anandikhazika pa mpando wa malemu mnzawo. Ntchito inali yophweka: kagetsi kakayaka apa ndi apo, nyamula kadole, dina, ika. Thireyi ya supu inali pambali, ikuzizira monga mwa masiku onse.

Titasewera pang'ono, timagetsi tinandituma kuika hatchi ya makina pamene panali kamsilikali ka a Baba. Ndinachotsa kamsilikaliko, n'kunena m'Chingerezi changa kuti, "Akudyani, Baba."

Madamu anadzutsa mutu pa laputopu. "Pa Chingerezi satero. Amati kutenga, osati kudya."

"Kwathu timati kudya," ndinatero. Ndinawafotokozera za bambo anga ku Balaka, amene amasewera dirafuti ya zitsekerero za mabotolo pakhonde la golosale, ndipo akadya munthu amamenyetsa chitsekerero pa thabwa kuti msika wonse umve.

A Baba anandiyang'ana ngati ndabwera ndi nkhani ya kwawo. "Ifenso pa Chiarabu timati kudya. Azungu okha ndi amene amatenga osadya."

Anaseka pang'ono, koyamba chimwalirireni mnzawo. Sindikudziwa chimene chinandilowa. Ndinakoka thireyi ija, n'kutunga supu.

"Makina adya. Inunso mudye."

"Nzeru zako zaima chadodolido, binti. Wadya pa bolodi ndi makina. Iwe ndiwe manja awo, ndiye pakamwa pawonso ndi pako. Idya ndiwe."

"Ine ndadya kale kukhitchini."

Anasuntha kadole kawo, timagetsi ta makina n'kuyaka kuyankha. Ine ndinapinda manja n'kuwaika pa miyendo. Anandiloza timagetsito. Ndinayang'ana kudenga. Anati yalla, kutanthauza kuti fulumira. Ndinawauza kuti makina ali pa sitalaka, ndipo manja awo abwerera ku ntchito supuni ikalowa m'kamwa. Mkuluyu akanatha kupirira njala mpaka kufa, koma masewera osatha sakanawapirira. Anameza supuyo nkhope itakwinyika ngati akumwa mankhwala a malungo.

Pofika mawa lake tinali ndi malamulo. Kamsilikali kakadyedwa, supuni. Hatchi, buledi wosunsa mu supu. Nsanja, chidutswa cha nkhuku. Mfumukazi, mbale yonse popanda kukambirana. Vuto linali pa kadole kosongoka mutu kamene madamu anati ndi bishopu. Ine ndinakulira m'kwaya, ndipo sindikanatha kukhala pamenepo n'kumalengeza kuti bishopu wadyedwa. A Baba anandilanditsa. Anati pa Chiarabu kameneko ndi njovu. Sikafanana ndi njovu ngakhale pang'ono, koma njovu inali yosavuta pa chikumbumtima changa, ndipo tinagwirizana kuti mtengo wake ndi yogati.

Musaganize kuti anangogonja. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akuganiza zotchera anzake misampha sasiya chifukwa cha supu. Anayamba kusewera modzitsekera. Asilikali ake ankagundana mphuno ndi a makina pakati pa bolodi, wina osatha kudutsa, ndipo masana onse ankatha popanda wodya mnzake. Ndinawauza kuti bolodi yalowa nyengo ya Lenti. Iwo anati ndi luso lapamwamba.

Kenako anatulukira batani lowonjezera nzeru za makina. Akalidina, makina ankaganiza nthawi yaitali moti ndinkatha kuchapa, kuyanika, kusita, ndikubwera n'kupeza kagetsi kakuphethirabe. Supu ankapita mu maikulowevu n'kubwerako mpaka anayamba kuoneka ngati phala la dzulo. Ndinafika poweramira makina aja n'kumawakalipira.

"Yalla, inu. Idyani kanthu. Anzanu ali ndi mimba."

Chimene chinawagwetsa a Baba ndi pakamwa pawo pomwe. Pofotokoza mbiri ija anandiuzapo kuti makina oyamba, a zilembo zosokonekera aja, anali adyera kwambiri. Saona patali. Ukawaikira chinthu patsogolo amangodya, osafunsa kuti n'chifukwa chiyani munthu wanzeru akuwapatsa chaulere. Ndiye m'mawa wina ndinalengeza kuti makina a timagetsi atopa, ndipo ndinatsitsa akale aja. Ndinawapatsa dzina loti a Dyera.

A Baba anadziwa chimene ndikuchita, koma sanathe kudziletsa. A Dyera umawagonjetsa powadyetsa: uwapatse hatchi, adye, uwapatse nsanja, adye, ali kalikiliki kutafuna iwe n'kukola mfumu yawo pakona. Kwa a Baba kupambana kotere kunali kokoma kuposa chakudya chilichonse chimene anadyapo lilime lili moyo. Ankayang'ana bolodi, n'kuyang'ana mbale, kenako n'kupuma mozama ndi kukankhira nsanja kukamwa kwa a Dyera. Ine ndinkalemba pa mabatani, kagalasi n'kuyankha, ndipo ndinkadula nkhuku ndisanawerenge n'komwe yankholo.

Zilembo zosokonekerazo zinatibweretsera mlandu tsiku lina. Ndinawerenga kagalasi mozondoka, n'kutenga njovu ya a Dyera kukaiika pa mfumukazi ya a Baba. Ndinachotsa mfumukaziyo mwaulemu wonse n'kukankha mbale ya mpunga.

"Njovu siyenda choncho," anatero a Baba.

"Njovu imayenda mmene yafunira. Munaionapo inu njovu?"

"Wasokoneza nambala ndi chilembo."

"Anasokoneza ndi a ku fakitale. Kadandauleni kumeneko."

Anandilanda mfumukazi ija n'kunyamuka kupita kwa madamu kukachita apilo, ine pambuyo ndi mbale ya mpunga. Tonse tinaiwala kuti madamu ali pa msonkhano. Anthu a ku ofesi kwawo, aliyense m'kabokosi kake pa laputopu, anaona nkhalamba ya pijama ikugwedeza kadole m'mwamba ndi mayi wa epuloni akuloza mpunga ndi supuni, onse akulankhula nthawi imodzi. Madamu anatseka kamera mochedwa. Chigamulo chinali chakuti mfumukazi ibwerere pa bolodi, koma theka la mpunga lidyedwe chifukwa chosokoneza msonkhano. A Baba anati m'nyumba muno mulibe chilungamo, ndipo ananena zimenezi akutafuna.

Pang'onopang'ono masaya anayamba kubwerera. Dokotala anasiya kutchula chubu pa foni iliyonse, koma sanachiiwale, chifukwa a Baba sankadya kanthu popanda bolodi. Lilime linali likadali lakufa. Tsiku limene magetsi a a Dyera anavuta, munthu anagona ndi tiyi yekha. Moyo wa bambo wa eni ake unali m'manja mwa kabokosi kadyera kopangidwa ine ndisanabadwe, ndipo usiku ndinkakafunditsa kansalu kuti kasalowe fumbi.

M'chaka chachiwiri cha mliri, matendawa anafika kwathu mwamphamvu. M'mawa wina ndikukolopa, mchemwali wanga anaimba foni kuti bambo atisiya. Anadwala masiku ochepa. Kupita sikukanatheka, ndipo ngakhale ndikanapeza ndege ndikanafika manda atauma. Maliro ndinawaonera pa foni. Amene anagwira foniyo ankalira, ndiye zambiri zimene ndinaona ndi nsapato za anthu ndi dothi lofiira.

Madamu anati ndipume. Ndinakana, chifukwa kukhala pansi kunkandiopsa. Ndinachapa makatani oyera kale, ndinatsuka firiji, ndinasita ngakhale masokosi. Koma chakudya chinkandikanira pakhosi, ndipo bolodi sindinkafuna n'kuiona komwe. Mawu oti kudya ankandibweretsera phokoso la chitsekerero pa thabwa. Ndiye a Dyera anakhala ofunda kansalu kawo, ndipo mbale za a Baba zinayambanso kubwerera zodzaza. Ndinkaziona, ndinkadziwa kumene zikutitengera, koma mphamvu ndinalibe. Madamu anayesa kukhala manja a makina, a Baba n'kuwabweza kuti amasuntha ngati akusaina makalata.

Masana ena ndili kukhitchini ndinamva chinthu chikukhwekhwereza m'khonde. Anali a Baba, amene chibwerereni ine anali asanapondemo m'khitchini. Ananyamula a Dyera pachifuwa, tizidole tili m'matumba a pijama, nthambo ikukokeka pansi. Anaika zonse pa katebulo kanga kosendera anyezi. Madamu anabwera pambuyo ndi mbale ziwiri za supu wa mphodza amene anaphika okha, anaziika, n'kukaima pakhomo.

"Khala pansi, binti. Makina alibe manja."

Ndinakhala chifukwa cha ulemu. Anatsegula njira ndi kamsilikali, ine n'kulemba, a Dyera n'kuyankha. Kenako anatulutsa mfumukazi, ndipo posakhalitsa anakaiimika pamphuno pa msilikali wa makina, popanda woiteteza. Ngakhale ine wosadziwa tchesi ndinaona kuti palibe msampha pamenepo. A Dyera sanafunse mafunso. Ndinachotsa mfumukaziyo pa bolodi.

"Makina adya," anatero a Baba, n'kukankhira mbale kwa ine.

"Lamulo limati mudye ndinu."

"Lamulo limenelo ndinalitsutsa tsiku loyamba. Manja ndi ako, pakamwa ndi pako. Mfumukazi ndi mbale yonse, popanda kukambirana."

"Sindili ndi njala, Baba."

Anapinda manja n'kuwaika pa miyendo, n'kuyang'ana kudenga. Munthu wamkulu, wa dazi, kundibera sitalaka yanga m'khitchini yanga yomwe. Ndinafuna kukwiya, koma chimene chinatuluka ndi kuseka, ndipo kusekako kunatsegulira kulira kumene ndinali nditakutsekera chiimbireni foni ija. Anandisiya ndilire. Sananene za Mulungu kapena za nthawi yochiritsa. Nditatha anangoloza supuni ndi chibwano.

Ndinadya. Iwo anapitiriza kudyetsa a Dyera: nsanja, njovu, hatchi, chilichonse, mpaka mfumu yawo inatsala yokha ngati mwini maliro anthu atabalalika. Aka kanali koyamba kuti makina amenewo awagonjetse chigulireni, ndipo a Dyera sanadziwe n'komwe kuti achita chinthu chachikulu. Kagalasi kankangophethira, kudikira china choti adye.

Ndikupukuta m'maso ndinaona kuti a Baba akoka mbale yachiwiri ija. Palibe anawauza, ndipo bolodi inali itatha. Anameza supuni imodzi, yachiwiri, kenako anaima n'kukwinya nkhope.

"Waphika supu uyu ndani?"

"Ndine, Baba," anayankha madamu pakhomo paja.

"Unathira mchere ndi fosholo? Munthu sangadye zimenezi."

Zinali zoona. Ine ndinali nditaumva mcherewo pa supuni yoyamba, koma ndinangokhala chete poopa kukhumudwitsa madamu. Kenako ine ndi madamu tinazindikira kuti lilime lakufa lija lamva mchere. Madamu anagwira pakamwa ndi manja awiri, n'kutsetsereka ndi chitseko mpaka kukhala pansi, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

A Baba anatiyang'ana ngati tapenga, kenako nkhope yawo inasintha. Anatunga supu wina, n'kumusunga m'kamwa nthawi yaitali asanameze.

"Woipa kwambiri," anatero motsitsa mawu. "Binti, alipo wotsala mu poto?"